Mwana wanga amangolemba tinkhani, ndimutengere kuti?

Funso: Ba Mkonzi, mwana wanga wa giredi 9 amangolemba tinkhani kumbuyo kwa buku la masamu, manje ndamva kuti kunja kuli nyumba za alembi akale komwe ana amaphunzira kulemba, zoona? Mayi wa ku Kabwata.

Yankho: Zoona amayi. Ku London nyumba ya Charles Dickens inasanduka myuziyamu mu 1925 ndipo ana asukulu amakachitirako mawekishopu. Koma ndege njodula, yambani chabe pafupi, Chilenje House 394 komwe ba Kaunda anakhala kuyambira 1960 mpaka 1962. Kanyumba kochepa, panja pali Land Rover yakale yomwe ankayendera pomenyera ufulu. Akaone, afunse mafunso, akabwerako alembe ngati iye ndi mwana wa m'nyumbamo tsiku la msonkhano wa UNIP, chipani cha ba Kaunda. Mumugulire kabuku kakekake, la masamulo lipumeko.