Ukufuna kufufuza makolo a chimanga? Yamba wakonza masamu

Mtsikana wina wa Fomu 4 ku Mangochi wandilembera kuti akufuna kudzaphunzira za majini a mbewu, azidzafufuza mmene anthu akale anasandutsira zomera zakutchire kukhala za m'munda. Bambo ake akuti unamwino basi. Masamu akuti amamuvuta "pang'ono".

Ndiyambe ndi inu bambo. Majini akunenedwa apa si aja ogwira anthu ayi, ndi DNA, tinthu ta m'kati mwa chamoyo chilichonse timene timanyamula chibadwa kuchokera kwa kholo kupita kwa mwana. Makalata otere andikwana: mwana asanalembe n'komwe MSCE, kholo lamusokera kale yunifolomu. Namwino wokakamizidwa, odwala amamudziwira pankhope.

Tsopano iwe mwanawe. "Pang'ono" wakoyo ndiye wandidetsa nkhawa. Ntchitoyi si yoyendayenda m'minda utavala chipewa. Ofufuza amatenga DNA ya mbewu zambirimbiri ndi ya abale ake akutchire, n'kupanga pa kompyuta mbiri zongoyerekeza: mtunduwu unapatukana liti ndi kholo lake, unachepa motani, mungu wakutchire unadzalowamonso kapena ayi. Kenako amayesa kuti ndi mbiri iti ikugwirizana ndi DNA yeniyeniyo. Kafukufuku wa majini wa mu 2002 anasonyeza kuti chimanga chathuchi chinachokera ku udzu wotchedwa teosinte, kuchigwa cha Balsas ku Mexico, zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Alimi oyambawo ankasungako mbewu ya zomera zochepa, choncho majini ena anatsalira kutchire, ndipo opanga mbewu zatsopano amawasakabe. Zonsezi ndi masamu okhaokha. Ngakhale mbuna za ku Cape Maclear amazifufuza ndi njira zomwezi.

Digiri yoyamba ya ntchito imeneyi usaiyembekezere pa fomu ya NCHE yofunsira malo ku yunivesite. Njira yomwe ndimaikhulupirira ndi ya ku Bunda, ku LUANAR, maphunziro a mbewu, chifukwa kumeneko uli pafupi ndi Chitedze, komwe kuli nkhokwe yosungira mitundu ya mbewu za m'dziko muno. Mapira ndi chimanga chamakolo zomwe agogo ako amasunga m'chikwatu n'zimene ungadzayambire. Bayoloje ndi masamu ku Zomba nakonso kungakufikitse. Zakuya zenizenizo udzazipeza pa digiri yachiwiri, mwina kunja, ndipo ntchito zake n'zowerengeka. Mwina udzathera kopanga mbewu zopirira chilala, zomwe kwanu kotenthako zikufunika zedi.

Mutu wofunsa mafunso uli nawo, sindikana. Teremu ino peza mnzako wodziwa masamu, muzikhala pansi madzulo aliwonse. Zotsatira za moko zikatuluka undilemberenso, bambo akonso aikepo mawu awo.