Mankhwala akasowa m'madzi, kodi poizoni wake wathanso?

Wowerenga wina wanditumizira imelo ya mafunso awiri. Akuti anamva zoti asayansi akugwiritsa ntchito kuwala, ngakhale kwa dzuwa kumene, pochotsa m'madzi mankhwala ophera tizilombo ta mbewu ndi opha udzu. Chimene chawadabwitsa n'chakuti makina a mu labotale akasonyeza kuti mankhwalawo atha, asayansiwo amatenganso madziwo n'kuikamo tizamoyo ting'onoting'ono kuti aone ngati tifa. Alemba kuti: "Ngati mankhwala atha, akufunanso chiyani? Nanga ineyo nditaika madzi otere m'botolo n'kuwasiya padzuwa tsiku lonse, ndingamwe?"

Ndiyambe ndi funso lachiwirili chifukwa likukhudza moyo wanu. Ayi, musamwe. Njira yoika madzi m'botolo lapulasitiki loonekera mkati n'kuliyanika padzuwa kwa maola 6, imene amaitchula kuti SODIS, ndi yothandiza ndithu, koma imapha majeremusi basi. Mankhwala a m'munda siiwachotsa. Kumbukirani kuti ambiri mwa mankhwalawa anawapanga dala kuti apirire dzuwa, chifukwa mlimi sangagule mankhwala oti akathira m'mawa, pofika masana asukuluka. Kuwiritsa nakonso musakudalire: madzi amaphwerako, koma mankhwala ambiri amatsala momwemo. Ngati mukukayikira kuti madzi anu alowa mankhwala, siyani kaye kumwa, pezani ena, ndipo mukawayezetse. Mukapita kokayezetsako mutchule dzina la mankhwala amene mukuwaganizira, poti makina amafufuza chimene auzidwa.

Tsono njira ya asayansiyi ikusiyana pati ndi botolo lanu? Kusiyana kwake n'kwakuti kuwalako sikugwira ntchito pakokha. Pamakhala chinthu china chimene chimalandira mphamvu ya kuwala n'kuisandutsa chida chophwanyira mankhwala. Chodziwika kwambiri ndi titanium dioxide, ufa woyera umene umapezekanso mu penti yoyera ndi m'mafuta oteteza khungu kudzuwa. Mu 1972, Akira Fujishima ndi Kenichi Honda a ku Japan anasonyeza kuti titanium dioxide akawalitsidwa ndi kuwala kwa UV, kuwala kosaoneka ndi maso kumene kumapezekanso m'dzuwa, amatha kugawa madzi kukhala mipweya ya haidrojeni ndi okosijeni, ndipo kafukufuku wambiri wa masiku ano anayambira pamenepo. Kuwala kukagunda kanjere ka ufawu, elekitironi imodzi, kachinthu kakang'ono zedi konyamula mphamvu ya magetsi, imachoka pamalo pake. Malo osiyidwawo amalanda elekitironi ku madzi amene akhudza kanjereko, ndipo pamabadwa kachinthu kotchedwa hydroxyl radical. Kameneka ndi kaukali zedi, kuposa klorini. Sikakhalitsa, m'kuphethira kwa diso kamakhala katazimirira kale, koma chilichonse chimene kakumana nacho kamachidula osasankha. Vuto la ufawu n'lakuti umadzuka ndi UV yekha, amene ndi magawo pafupifupi 4 kapena 5 pa 100 alionse a kuwala kwa dzuwa kofika pansi pano.

Njira ina imatchedwa photo-Fenton. Dzinali linachokera kwa Henry Fenton wa ku England, amene mu 1894 anaona kuti ayironi wosungunuka akasakanizidwa ndi hydrogen peroxide, mankhwala amadzimadzi amene amatsukiranso zilonda, amawononga zinthu mwamphamvu. Lero tikudziwa kuti pamenepanso pamabadwa hydroxyl radical yemwe uja. Ayironi akagwira ntchito kamodzi amafooka, koma kuwala kumamubwezeretsa mphamvu, motero amangogwira mobwerezabwereza. Njirayi imadya gawo lalikulupo la kuwala kwa dzuwa ndipo kawirikawiri imathamanga kuposa ufa uja, kungoti imafuna madzi a asidi, a pH (muyezo wa kuchuluka kwa asidi) pafupifupi 2.8. Ku Almería, kum'mwera kwa dziko la Spain, kumene amalima kwambiri m'mashedi apulasitiki, kuli malo ofufuzira otchedwa Plataforma Solar de Almería amene akhala akuyesa njira zonse ziwirizi kwa zaka zambiri. Madzi amazungulira m'mapaipi agalasi, ndipo kuseri kwa paipi iliyonse kuli chitsulo chonyezimira chopindika chimene chimabwezera kuwala pa paipiyo.

Tsopano tifike pa funso lanu loyamba, limene kwa ine ndiye mtima wa nkhani yonseyi. Molekyulu ya mankhwala, kutanthauza kachigawo kake kakang'ono kwambiri kopangidwa ndi maatomu olumikizana, siphwanyika kamodzin'kamodzi n'kusanduka mpweya ndi madzi. Imadulidwa pang'onopang'ono: apa pachoka klorini, apo palowa okosijeni, kenako mkombero wa maatomu ake wathyoka. Ikangodulidwa kamodzi, makina amene anauzidwa kuti afufuze molekyulu yoyambayo saizindikiranso, ndiye amalemba kuti yatha. Sananame, komanso sananene zonse. Zili ngati botolo lagalasi likasweka: botolo palibenso, koma zidutswa zake zingakuchekeni kuposa mmene botolo lathunthu likanachitira.

Taonani chlorpyrifos, mankhwala otchuka ophera tizilombo. M'molekyulu yake muli sulufule womangika ku fosifolasi. Sulufuleyo akachoka n'kulowa okosijeni, zimene hydroxyl radical amachita mosavuta, pamapangika chlorpyrifos oxon. Ameneyu amatseka acetylcholinesterase, enzaimu (puloteni yofulumizitsa ntchito za m'thupi) yofunika kuti minyewa igwire ntchito, mwamphamvu kwambiri kuposa kholo lake. N'chimodzimodzi ndi malathion amene amasanduka malaoxon, komanso parathion amene amasanduka paraoxon. Diuron, wopha udzu, angathe kusiya 3,4-dichloroaniline amene amavulaza zamoyo za m'madzi. Munthu akazimitsa nyale yowalitsira madziwo pa nthawi imene makina anena kuti chlorpyrifos watha, akhoza kutaya madzi oopsa kuposa amene anayamba nawo, iye akusangalala kuti wayeretsa. Ichi ndi chimene chimandidetsa nkhawa ndikamaona kafukufuku wongonena za kuchuluka kwa mankhwala amene asowa.

Mwina mungati, poti mankhwalawa ndi zidutswa zake amamangidwa ndi kaboni, bwanji osangoyeza kaboni yense wotsala m'madzimo? Amayezadi, ndipo zimathandiza, koma nazonso sizimaliza nkhani. Atrazine, wopha udzu amene mayiko a European Union analetsa mu 2004 chifukwa chopezeka m'madzi apansi panthaka, amatiphunzitsa mbali inayo. Ukamuwalitsa ndi titanium dioxide amasowa msanga, koma mkombero wapakati pake sutheka, ndipo pamapeto pamatsala cyanuric acid. Kaboni alipobe, koma chotsalachi poizoni wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi atrazine. Ndiye mukuona: pena mankhwala asowa koma poizoni wakula, pena kaboni watsala koma poizoni watsika. Zidutswa zimakhala zambirimbiri, zina zilibe ndi dzina lomwe, ndipo zimagwira ntchito zitasakanikirana. Njira yokhayo yodziwira zimene msanganizo wonsewo ungachite kwa chamoyo ndi kuupereka kwa chamoyo.

Chofala kwambiri ndi bakiteriya wa m'nyanja yamchere wotchedwa Aliivibrio fischeri, amene kale ankamutcha Vibrio fischeri. Bakiteriyayu amawala akakhala wathanzi. Mu labotale amamudzutsa ali wouma, amathira mchere pang'ono m'madzi oyezedwawo kuti asavutike, amasunga zonse pa madigiri 15, kenako pakatha mphindi 15 kapena 30 amayeza kuti kuwala kwake kwatsika motani. Ndi njira yachangu, n'chifukwa chake anthu amaikonda.

Ine ndimakonda kwambiri kuyeza ndi Daphnia magna, kanyama ka m'madzi opanda mchere kamene kamasambira modumphadumpha ndipo thupi lake limaonekera mkati moti mtima wake umaoneka ukugunda pa maikulosikopu. Malinga ndi ndondomeko nambala 202 ya OECD, bungwe la mayiko loona za chuma ndi chitukuko, amatenga tiana tosapitirira maola 24 chibadwire, osachepera 20 pa mlingo uliwonse umene asungunulira madzi oyezedwawo, kawirikawiri tisanutisanu m'kambale. Satidyetsa kanthu. Pakatha maola 48, woyezayo amagwedeza kambaleko pang'ono n'kudikira masekondi 15. Kamene sikanasambire amakawerenga kuti kagwidwa, ngakhale tinyanga take tikugwedera. Pambali pamakhala kambale ka madzi abwino kofanizira, ndipo ngati tiana ta m'menemo nato tayamba kufooka, ntchito yonseyo amaibwereza. Palinso ndere zobiriwira zimene amaona kakulidwe kake kwa maola 72, ndi mazira a nsomba ya zebrafish amene amawayang'anira kwa maola 96.

Chifukwa chiyani zonsezi, osangosankha chimodzi? Chifukwa poizoni aliyense ali ndi khomo lake lolowera. Bakiteriya alibe minyewa, choncho chlorpyrifos oxon amene angagwetse Daphnia pa mlingo wochepetsetsa sangamusokoneze kwenikweni. Diuron ndi atrazine amatseka njira imene zomera zimapangira chakudya ndi kuwala, ndiye amene amamva kuwawa koyamba ndi ndere. Kafukufuku amene wayeza ndi bakiteriya yekha n'kulengeza kuti madzi alibenso poizoni, ine sandikhutiritsa. Ndimafuna kuona zamoyo zosachepera zitatu zosiyana, ndiponso kuti anatunga madziwo kangapo ntchito ili mkati, osati poyamba ndi pomaliza pokha. Kawirikawiri poizoni amayamba wakwera pakati pa ntchitoyo, zidutswa zoopsa zija zitachuluka, kenako n'kutsika kuwala kukapitirira.

Palinso msampha wina. Hydrogen peroxide wotsala m'madzi amapha tizamoyoti payekha, ndiye asanayeze amamuchotsa, nthawi zambiri ndi enzaimu yotchedwa catalase. Asidi uja amamuthetsa, ayironi ndi ufa amazisefa. Wopanda kuchita zimenezi amanamizira zidutswa za mankhwala mlandu umene si wawo.

Dziwaninso kuti madzi amene Daphnia wapulumukamo kwa maola 48 sakutanthauza madzi akumwa. Mayeso amenewo amaona poizoni wogwira mwachangu. Zovuta zobwera pang'onopang'ono, monga kusokonekera kwa kubereka, zimafuna mayeso ataliatali ngati a masiku 21 owerenga ana amene Daphnia waswa. Ndipo malire a madzi akumwa ndi okhwima: ku European Union salola kupitirira maikulogalamu 0.1 pa lita pa mankhwala amodzi (maikulogalamu ndi gawo limodzi la magawo miliyoni a galamu), ndi 0.5 pa onse pamodzi, kuphatikizapo zidutswa zake zimene zingakhale zovulaza.

Mukamawerenga za ntchito zoterezi muzionanso madzi amene anagwiritsa ntchito. Zambiri zimachitikira m'madzi oyeretsedwa kale a mu labotale, othiridwa mankhwala amodzi okha. Madzi enieni amakhala ndi matope otchinga kuwala, zowolerana za masamba, ndi mchere wosungunuka wotchedwa bicarbonate, ndipo zonsezi zimalimbirana hydroxyl radical yemweyo, moti liwiro limatsika kwambiri.

M'kuona kwanga, njirayi siyoyeretsera mtsinje kapena nyanja. Imagwira bwino pamene madzi ndi ochepa koma mankhwala ndi ambiri, monga madzi otsukira zigubu za mankhwala ndi masipuleya, kapena otuluka mufakitale yopanga mankhwalawo, asanamwazike. Madzi otere sungawapereke kwa bakiteriya a m'madamu oyeretsera zonyansa, chifukwa akhoza kuwapha. Kuphwanya zonse ndi kuwala mpaka zitasanduka mpweya kumadya nthawi ndi peroxide wambiri. Ndiye akatswiri amawalitsa madziwo mpaka pamene zidutswa zasiya kupha ndipo bakiteriya angathe kuzidya, kenako n'kuwapititsa ku bakiteriyawo kuti amalize ntchito motsika mtengo. Nthawi yeniyeni yozimitsira nyale kapena kutseka mapaipi amaipeza ndi mayeso a poizoni aja pamodzi ndi mayeso ena, monga a Zahn-Wellens, oona ngati zotsalazo zingawole.