Bwanji payiloti amatchulabe mafiti pomwe rada ikuonetsa kale?

Achimwene mwafunsa kuti bwanji payiloti akangopatsidwa kwa kontrola (munthu wapansi wotsogolera ndege pa wailesi) watsopano amayamba ndi kunena kuti ali pa mafiti angati, chonsecho rada ikuonetsa kale. Ena akuti ndi chizolowezi chabe, ine apo ndikukana ndithu.

Nambala imene kontrola amaiona pa sikirini yake sikuti rada yachita kuyeza yokha ayi. Imachokera mu ndege momwemo, muli kachipangizo kotchedwa transponder kamene kamatumiza pansi kutalika komwe ndege ili. Ndiye kachipangizoka kakasokonekera kapena mawaya ake akavuta, sikirini imangolemba zomwe yauzidwa basi, siidziwa kuti ndi bodza. Mpake kontrola amafuna amve yekha ndi khutu lake kuchokera pakamwa pa payiloti kenako afananitse ziwirizo. Ku America malamulo a FAA, bungwe loyang'anira za ndege kumeneko, amati kusiyanako kusafike mafiti 300, pomwe ICAO, bungwe loona za ndege padziko lonse, imati m'mwamba momwe ndege zimathithikana mafiti 200 okha. Zikasiyana kupitirira apo kontrola amauza payiloti kuti aonenso altimeter yake, chipangizo chomuonetsa kutalika komwe ali, zikakanikabe amamuuza kuti asiye kutumiza nambalayo ndipo saidaliranso polekanitsa ndege.

Palinso nkhani imene ambiri saiganizira, ya QNH, nambala ya muyezo wa mpweya imene payiloti amatchera pa altimeter. Transponder nthawi zonse imawerengera pa muyezo umodzi wa mpweya, 1013 hPa, makompyuta apansi ndi amene amakonza nambalayo, koma altimeter imene payiloti akuyang'ana amachita kuitchera yekha ndi dzanja. Akaphonya ndi 10 hPa zokha ndiye kuti wasemphana ndi pafupifupi mafiti 300, iye m'maso mwake zonse zili bwinobwino pomwe ndege ili pena. Akatchula mafiti ake pa wailesi kontrola amaona pompo kuti apa pali china chake.

Koma chimene ine ndimachiona chachikulu ndi ichi, payiloti satchula pomwe ali pokha, amatchulanso komwe akupita. Mumamva akuti "passing flight level eight zero, climbing flight level one one zero", ndiye kuti akudutsa 80 (mafiti 8,000) akukwera mpaka 110 (mafiti 11,000). Tsono tiyerekeze kontrola woyamba uja anamuloleza 100 koma iye anamva 110, anabwereza 110 yomweyo, kontrolayo pokhala ali ndi ndege zambirimbiri zikumuitana sanaimve bwino. Zimachitika izi, 100 ndi 110 ndi manambala odziwika kuti amasokoneza kwambiri pa wailesi. Watsopanoyu iye ali ndi 100 pa zolemba zake, akangomva 110 amadumpha nthawi yomweyo kuti ayi imani pa 100. Rada yakale siingakuuzeni zomwe zili m'mutu mwa payiloti, imangoonetsa zitachitika kale, ndipo ndege zimasiyana mafiti 1,000 okha, jeti yokwera mafiti 2,000 pa mphindi imadya mpata umenewo m'masekondi 30 basi. Zoona masiku ano transponder yamakono yotchedwa Mode S imatha kutumiza pansi ngakhale nambala imene payiloti watchera pa autopilot, koma si ndege zonse zili nayo, si malo onsenso amaiona.

Kwina kulibe nkomwe rada yoonetsa kutalika, pamwamba pa nyanja zikuluzikulu ndi madera ena akutali, kumeneko zonena za payiloti zimalemera kwambiri. Mu 1996 ku Charkhi Dadri pafupi ndi Delhi ndege ya Kazakhstan Airlines inauzidwa kukhala pa mafiti 15,000 koma inatsikirabe, nkuwombana ndi Boeing 747 ya Saudia yomwe inali pa 14,000, anthu 349 anafa. Rada ya kontrola nthawi imeneyo siinkaonetsa kutalika, ankangodalira zomwe wauzidwa pa wailesi. Nkhani imeneyi imandimvetsa chisoni kwambiri.

Ngati mukuphunzira kuyendetsa ndege chonde musazolowere zongoti "with you" nkukhala chete, kontrola adzakufunsanibe mafiti anu ndipo mwatayitsa nthawi pa wailesi yomwe anzanu akudikirira. Tchulani amene mukumuitana, dzina la ndege yanu, pomwe muli ndi pomwe mwaloledwa kukafika, zonse kamodzi, ndipo muwerenge pa altimeter nthawi yomweyo osati zapamtima.