Pikapu ikunjenjemera mukangomwetsa mafuta? Musathamangire kugula mapulagi

Bambo wina wa ku Matawale watumiza funso pa imelo. Ali ndi pikapu ya petulo, injini ya malita 2.7, yomwe amanyamulira katundu ku Jali ndi ku Thondwe. Akuti akangodzazitsa thanki galimoto imavuta kulira, ndipo ikalira imanjenjemera ngati izima. Akayenda pang'ono, pofika ku Chinamwali, zonse zimakhala zili bwino. Makaniko wawauza kuti agule mapulagi ndi pampu ya mafuta, ndiye akufunsa ngati agule.

Bambo, dikirani kaye. Pulagi yotha siyembekezera tsiku lomwetsa mafuta kuti ivute, imavuta tsiku lililonse. Pampu yofooka nayo imadziwika pokwera, monga pa msewu wa ku Ku Chawe, osati galimoto ili chiimire. Chachikulu m'kalata yanu ndi chakuti vutoli limatha lokha pakapita mphindi zochepa. Zikamatero, woyamba kumukayikira ndi kavalavu kotchedwa purge valve.

Petulo amatulutsa nthunzi m'thanki. Nthunziyo imasungidwa m'kachitini kodzaza makala, canister, ndipo kuchokera pamenepo paipi imapita ku injini. Purge valve ili pa paipi imeneyo. Kompyuta ya galimoto imaitsegula injini ikatentha, koma poliza imayenera kukhala yotseka. Mukathira malita 50 kapena 60, mafutawo amakankha nthunzi yomwe inali m'thanki. Ina imatulukira pakamwa pa thanki, ina imalowera ku canister. Ngati valavu yakanirira yotsegula, nthunziyo imadutsa mpaka ku injini. Poliza, petulo amachuluka kuposa mpweya, ndipo muvi wosonyeza kuzungulira kwa injini (rpm), woyenera kukhala pakati pa 650 ndi 800, umagwa pansi n'kumavina. Nthunzi ikatha kupsa, injini imakhazikika.

Chimene chimaononga zonsezi kawirikawiri ndi chizolowezi chathu chomwechi. Pampu ya pa filling station ikadula yokha timati "onjezani pang'ono", ena mpaka kugwedeza galimoto kuti malita awiri ena alowe, makamaka mafuta akamasowa. Petulo weniweniyo, osati nthunzi, amatsikira m'canister, yomwe inapangidwira nthunzi yokha. Makala amanyowa n'kuphwanyika, tizidutswa take n'kukatsakamira m'valavu.

Kuyesa kwake sikufuna ndalama. Zimitsani injini, ndipo ndudu ikhale kutali. Tsatirani paipi yopyapyala yochokera ku canister mpaka mupeze kavalavu kokhala ndi mapaipi awiri ndi mawaya awiri. Chotsani mawaya ndi mapaipi, kenako uzirani mpweya mbali imodzi. Valavu yabwino sidutsitsa mpweya ngakhale pang'ono. Mukailumikiza ku batire ya 12V iyenera kulira kuti "ti" n'kutseguka, mukachotsa itsekenso. Njira ina: bwezerani paipi ya ku injini yokha, mawaya akhale ochotsa, lizani galimoto n'kuika chala pakamwa potsala. Chala chikamakokedwa, valavu yatha. Amene ali ndi kamakina kowerengera makodi angaone P0441 kapena P0496, nthawi zina P0172 yosonyeza kuchuluka kwa petulo.

Musasinthe valavu yokha osaona canister. Imasuleni muigwedeze. Ikamalemera, kudontha petulo kapena kugwetsa makala, nayonso isinthidwe, ndipo mapaipi auziridwe ndi mpweya wa kompuresa. Mukapanda kutero, valavu yatsopano itsakamiranso posachedwa. Onaninso labala wa chivindikiro cha thanki; akang'aluka amayatsa nyali ya injini ndi P0455 kapena P0457, ngakhale kuti payekha sanjenjemeretsa injini kwambiri. Pakadali pano, ikakana kulira mutangomwetsa, pondani chopondera mafuta (accelerator) mpaka pansi poliza: galimoto zambiri zimadula petulo mukatero, injini n'kupuma.

Koma ngati kunjenjemerako sikutha, galimoto ikudukiza ngakhale pa msewu wa ku Blantyre, nkhani ndi mafuta enieniwo. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka madzi. Madzi akachuluka, awiriwa amalekana ndi petulo n'kukhala pansi pa thanki, pomwe pampu imayamwira. Tapani theka la lita m'botolo lagalasi loyera, likhale mphindi 20. Mukaona mzere pansi kapena mafuta a mtambo, khuthulani thanki yonse n'kusintha fyuluta. Timabotolo ta mankhwala othira m'thanki sitingathane ndi madzi ochuluka chotero. Mafuta a m'zigubu ndiwo amabweretsa zimenezi kwambiri. Kumwetsa thankala ikutsitsa kumene nakonso n'koipa, chifukwa zinyalala za pansi pa thanki ya pa siteshoni zimavunduka, ngakhale tikudziwa kuti pamzere wautali munthu sasankha nthawi.

Kwa a dizilo, a Hilux D-4D, Isuzu ndi Ranger, za purge valve sizikukhudzani. Yambani ndi fyuluta ya mafuta. Pansi pake pali kampopi: ikani chitini, kapotokoleni kawiri kapena katatu kuti katseguke, pompani kapampu ka pamwamba (ngati kalipo) mpaka dizilo woyera atuluke, tsekani, n'kupompanso mpaka kalimbe kuti mpweya uchoke. Thanki ikafika pouma musanamwetse, mpweya ndi matope zimalowa m'mapaipi, choncho musamatsike pansi pa kota. Dizilo wonunkha palafini amadya pampu ndi ma injector (tofayira dizilo m'injini) chifukwa alibe kuterera kokwanira. Musamasule mapaipi a ma injector injini ikulira, mphamvu ya dizilo m'mapaipimo imatha kuposa ma bar 1,000 ndipo imaboola khungu. Ngati mwathiridwa petulo molakwitsa, musalize n'komwe. Ikokeni mpaka ku galaja akakhuthule.

Inu bambo a ku Matawale, yesani valavu ija Loweruka lino. Ndipo ulendo wotsatira, pampu ikadula koyamba, auzeni akuthirawo kuti basi.