RAM yatsopano, sikirini yakuda: yankho kwa achimwene a ku Lizulu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Lizulu, m'boma la Ntcheu. Ali ndi kashopu pafupi ndi msika komwe amatayipira anthu makalata ofunsira ntchito, kupulinta mayeso a sukulu zoyandikana nawo, komanso kuikira anthu nyimbo m'mafulashi. Kompyuta yawo ndi ya purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Core 2 Duo E8400, pa motherboard (bodi yaikulu pomwe zida zonse zimalumikizidwa) palembedwa G41, ndipo muli RAM (kabodi komwe kompyuta imasungapo kwakanthawi zomwe ikugwira) imodzi ya 2GB ya mtundu wa DDR3. Ataona kuti ikuchedwa kwambiri, anakwera minibasi kupita ku Lilongwe n'kukagula RAM ina ya 4GB, ya DDR3 yomweyo. Atafika nayo n'kuiika, fani ikuzungulira, kompyuta ikungolira kuti tii tii tii, koma sikirini ili bii. Akachotsa yatsopanoyo n'kusiya yakale yokha, zonse zili bwino. Anabwerera kwa wogulitsa, iye anaiyesa pa kompyuta ya m'shopu mwake iwo akuonerera, inayaka bwinobwino, ndipo wakana kubweza ndalama. Wogulitsayo akuti motherboard ya achimwenewo ndiyo yatha. Funso lawo ndi lakuti, kodi agule motherboard ina?

Achimwene, musagule. Motherboard imene ikuyaka ndi RAM yakale, n'kumakugwirirani ntchito tsiku lonse, sinafe ayi. Ndipo wogulitsa uja sanakunamizeni ponena kuti RAM yake ndi yamoyo, poti munaona ndi maso anu. Zinthu ziwirizi zikhoza kukhala zabwino zonse koma osagwirizana, ndipo malinga ndi zomwe mwalemba ndikukhulupirira kuti vuto lanu lagona pamenepo. Koma tisanafike kumeneko, tiyambe tachotsa tinthu ting'onoting'ono tomwe timapusitsa anthu ambiri, poti tonseti n'taulere.

Zimitsani kompyuta, zulani chingwe cha magetsi kukhoma, kenako dinani batani loyatsira kwa masekondi 10 kuti magetsi otsalira m'kati athe. Musanagwire chilichonse m'katimo, gwirani kaye chitsulo cha bokosi la kompyutalo. Ife okhala kuno ku Dedza ndi kwanu ku Lizuluko timatidziwa timagetsi tija timathetheka tikamavula juzi usiku m'mwezi wa Juni kapena Julaye, kunja kutazizira komanso kutauma. Kwa munthu si kanthu, koma tingathe kupha RAM osaonetsa chizindikiro chilichonse. RAM muziigwira m'mbali, osati pa timano take tagolide tam'munsi.

Kenako onani ngati inalowa mokwanira. Anthu ambiri amaopa kukanikiza poganiza kuti athyola bodi, ndiye RAM imangokhala yalowa mbali imodzi. Tsegulani timakilipi ta m'mbali mwa slot (mpata wa pa bodi wolowetsamo RAM), yang'anani kuti kampata kali m'munsi mwa RAM kalunjika pa kachotupa ka mu slot, n'kukanikiza ndi zala ziwiri kumapeto konse mpaka timakilipito titadzitsekera tokha. Mukamachita kutitseka ndi dzanja, dziwani kuti sinalowe.

Fumbi nalo ndi mdani wathu. Shopu ya m'mphepete mwa msewu wa M1, mathiraki akudutsa usana ndi usiku, slot imene yakhala yopanda kanthu zaka zambiri imadzaza fumbi ngati pansi pa bedi. Isesereni ndi bulashi ya penti yatsopano, youma. Musauzire ndi pakamwa, malovu amachititsa dzimbiri. Timano ta RAM tipukuteni pang'onopang'ono ndi labala woyera wofufutira pensulo, n'kuchotsa nyenyeswa zake zonse.

Tsopano yesani chimodzichimodzi, osapupuluma. Ikani RAM yakale yokha mu slot yoyamba, yatsani. Zimitsani, isamutsireni mu slot yachiwiri, yatsaninso. Ikayaka monse muwiri, ndiye kuti ma slot onse ndi amoyo, ndipo mlandu wa motherboard wathera pomwepo. Mukatero chitani chimodzimodzi ndi yatsopano ija, yokha. Ikakana monse muwiri, pali chinthu chimodzi chotsala: chotsani kabatire kozungulira kooneka ngati ndalama yachitsulo kamene kali pa bodipo, kolembedwa CR2032, dikirani mphindi 5, kabwezereni. Potero BIOS, pulogalamu ya pa bodi yoyambitsa kompyuta, imaiwala zonse zomwe inasunga n'kuyamba kuwerenga RAM mwatsopano. Tsiku ndi nthawi zidzasokonekera, mudzazikonza, musadandaule.

Ngati mwachita zonsezi koma ikulirabe, itengeni RAM yatsopanoyo mupite nayo panja powala, muwerenge tichipi takuda tamakona anayi tili pamenepo. Ndikuganiza kuti mupeza 8, tonse mbali imodzi, kuseri kuli mbee. Pa kapepala komatidwapo mwina palembedwa 4GB 1Rx8. Ngati ndi choncho, tapeza gwero la vuto.

Nkhani yake ili motere. RAM ya 4GB imapangidwa m'njira ziwiri. Ina ili ndi tichipi 16, mbali iliyonse 8, kachipi kalikonse kosunga 256MB, ndipo pa kapepala amalemba 2Rx8. Ina ili ndi tichipi 8 tokha, kalikonse kosunga 512MB, ndiyo ya 1Rx8. Zonse ndi DDR3, zonse zili ndi timano 240, zonse zimalowa mu slot imodzimodzi popanda vuto. Koma chipset (tichipi ta pa bodi toyang'anira RAM ndi zida zina) ya G41 inatuluka ku Intel mu 2008, tichipi ta 512MB tisanafale, ndipo imatha kuwerenga kachipi kosapitirira 256MB. Mukaipatsa kokulirapo imasokonezeka: kawirikawiri siyaka n'komwe, nthawi zina imayaka koma n'kumaona theka lokha la RAM. Zili ngati kumuuza munthu amene sikelo yake imalekera pa makilogalamu 50 kuti akuyezereni thumba la mbatata ya kachewere la makilogalamu 100. Mbatatayo ndi yabwino, sikeloyo ndi yabwino, koma agawe kaye m'matumba awiri. Kompyuta ya wogulitsa uja iyenera kuti ndi ya Core i3 kapena i5 ya zaka za pambuyo pake, yomwe tichipi tikulutikuluto imatiwerenga popanda chovuta. N'chifukwa chake kwa iye inayaka.

Chimene chimandipweteka mtima pa nkhani imeneyi n'chakuti ogula ndi ogulitsa ambiri amalekera pa mawu akuti DDR3, ngati kuti akatchula pamenepo zonse zatheka. Anthu ataya mabodi abwinobwino chifukwa cha zimenezi, ena mpaka kudana ndi amene anawagulitsa katundu wabwino.

Ndiye mukabwerera ku Lilongwe, musakapemphe ndalama. Kapempheni kuti akusinthireni. Muuzeni kuti mukufuna ya 4GB ya tichipi 16, yolembedwa 2Rx8 PC3-10600U, ndipo muitembenuze nokha muone kuti mbali zonse ziwiri kuli tichipi. Zoterezi zimapezeka mwa zomwe amazula m'makompyuta akale a m'maofesi, ndipo wogulitsa wanzeru sangakane, poti yanu ya 1Rx8 ija aigulitsa msanga kwa wina wa kompyuta yatsopanoko. Nambala ya 10600 ikutanthauza liwiro la 1333. Mukapeza ya 8500, yomwe ndi 1066, ndi yabwinonso, chifukwa mabodi ambiri a G41 amayendetsa RAM pa liwiro limenelo. Ya 12800, yomwe ndi 1600, nthawi zambiri imadzitsitsa yokha, koma pa bodi yakale ngati yanuyi ine ndingasankhe ziwiri zoyambazo.

Chilembo chakumapeto chija, U, musachione mopepuka. Ine ndinagulapo ma RAM awiri a 8GB pa mtengo wotsika zedi kwa munthu wina wogulitsa zida zakale, ndili wokondwa kuti ndatola. Nditafika kuno ku Dedza palibe kompyuta ndi imodzi yomwe inayaka nawo. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti kumapeto kwa nambala kuli R. Amenewo ndi a ma server, makompyuta akuluakulu a m'makampani, ndipo pa kompyuta wamba sagwira. Mumawazindikira ndi kachipi kena kapadera pakati, komanso tichipi take nthawi zambiri timakhala 9, 18 kapena 36. Ya chilembo cha S ndi ya laputopu, imeneyo ndi yaifupi, simungaisokoneze. Mudzaonanso zina zolembedwa PC3L: izo zimayendera mavoti 1.35 pomwe DDR3 wamba imayendera 1.5. Zambiri zimagwira pa mavoti onse awiri, koma poti zinabwera mochedwa, za 4GB zambiri mwa izo ndi za tichipi 8, ndiye kwa inu ndi msampha womwe uja.

Musanakwere minibasi, werenganinso dzina lenileni la bodi yanu. G41 ndi dzina la chipset chabe, ndipo makampani ambiri monga Gigabyte, ASUS ndi ena anapangira mabodi awo pa chipset imeneyi. Dzina la bodi limalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pakati pake, kapena pulogalamu yaulere ya CPU-Z ingakuuzeni pa tsamba la Mainboard. Lifufuzeni pa intaneti, chifukwa ena analemba kuti bodi yawo imalekera pa 4GB yonse pamodzi, ena 8GB. Ikakhala ya 4GB, ingogulani 2GB ina ya tichipi 16 kapena 8 yofanana ndi yomwe muli nayo, nkhani yatha, ndipo ndalama ina itsala m'thumba. Ikakhala ya 8GB, mukhoza kuphatikiza 2GB yakale ndi 4GB yatsopano n'kukhala ndi 6GB. Ziwiri zofanana ndendende zimathamanga bwinoko pang'ono, koma pa ntchito yotayipa ndi kupulinta kusiyanako simungakuone. Ndipo ngati mungathe, nyamulani bokosi lonse la kompyuta mupite nalo, akayesere pa yanu yomweyo. Kulipirira katundu m'minibasi kamodzi n'kotchipa kusiyana ndi thiransipoti ya ulendo wachitatu.

Pali chinthu china chomwe simunafunse koma chikukudikirani kutsogoloku. Makompyuta ambiri amene anabwera ndi 2GB anaikidwa Windows ya 32-bit. Windows yotere singathe kugwiritsa ntchito RAM yopitirira 4GB, ndipo pa 4GB yomweyo gawo lina limatengedwa ndi zida za pa bodi monga mbali yoonetsa zithunzi, mwakuti mumatsala ndi 3GB ndi kanthu pang'ono. Mudzaika 6GB, BIOS idzaiona yonse, koma Windows n'kumakuuzani kuti yogwiritsika ntchito ndi 3 yokha basi. Dinani mbewa ya kumanja pa This PC, kapena pa Computer ngati ndi Windows 7, sankhani Properties, muone pomwe palembedwa System type. Purosesa yanu ya E8400 imatha kuyendetsa 64-bit, ndiye njira ilipo, koma pafunika kuika Windows mwatsopano. Musanatero, koperani mafayilo onse a makasitomala anu kwina, ndipo chofunika kwambiri kwa inu, fufuzani ngati pulinta ndi sikana yanu zili ndi ma driver (timapulogalamu tozilumikiza ndi Windows) a 64-bit. Mapulinta ena akale alibe, ndipo shopu yopulinta imene pulinta yake yaleka kugwira yaluza zambiri kuposa zomwe RAM ingabweze. Pulintayo ikakhala yopanda ma driver, khalani pa 32-bit ndipo RAM yonse pamodzi isapitirire 4GB.

RAM yoyenera ikalowa kompyuta n'kuyaka, musafulumire kusangalala. RAM yogula yakaleyakale ikhoza kuyaka koma ili ndi kachilema, komwe kamadzaonekera patapita masiku: sikirini yabuluu, kompyuta kuzima yokha, fayilo ya kasitomala kukana kutseguka. Lembani mdsched pa malo ofufuzira a Windows, ivomereni iyambirenso, idziyeze yokha. Yoyeza mozama ndi MemTest86 kapena Memtest86+, imene mumaika pa fulashi n'kuisiya ikuyenda maola angapo. Pa bodi yakale ngati yanuyi tengani Memtest86+, chifukwa MemTest86 ya masiku ano imafuna mabodi atsopano a UEFI, yomwe inalowa m'malo mwa BIOS. Ikaonetsa cholakwika ngakhale chimodzi, RAM imeneyo ibwerere. Choncho pogula gwirizanani ndi wogulitsa kuti akupatseni masiku angapo oyesera, ndipo alembe pa lisiti.

Tsopano ndikuuzeni maganizo anga, monga munthu amene ndatsegula mabokosi amenewa ambiri. Kompyuta yanu ndi ya m'badwo wa 2008. Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020, Windows 10 inaisiya pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 silola Core 2 Duo. Kuikweza kufika pa 4GB ndi nzeru, idzakutumikiranibe pa Word ndi kupulinta. Kuika SSD (chosungira mafayilo chothamanga) yaing'ono m'malo mwa hard disk yakale kudzaifulumizitsa kuposanso RAM, ndipo SSD imeneyo mudzasamuka nayo mukadzagula kompyuta ina. Koma kuigulira motherboard ina ya G41, ayi, ndalama imeneyo isungeni muzionjezera pang'onopang'ono mpaka ikwane Dell OptiPlex kapena HP yogwiritsidwapo kale ntchito ya Core i5 ya m'badwo wachitatu kapena wachinayi. Makompyuta amenewo amayendera DDR3 yomweyi ndipo tichipi ta 512MB amatiwerenga bwino. Kotero wogulitsa uja akakanitsitsa kusintha, musaitaye RAM yanu ya 4GB, ikulungeni m'pepala muisunge pouma, idzalowa mmenemo.

Ngati mwawerenga tichipi n'kupeza kuti tilipo 16 koma ikukanabe, ndijambulireni kapepala kake ndi foni, mbali zonse ziwiri za RAM, komanso dzina lolembedwa pa bodi, munditumizire pa imelo yomwe ija. Mundiuzenso kuti kompyutayo imalira kangati ikamakana, komanso ngati kulirako n'kwakutali kapena kwakufupi.