Amati mlandu suola, nanga khoti likutiranji wanu nthawi yake inatha?

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni. Ndaifupikitsa, koma mfundo yake ndi iyi: "Mu 2016 malemu amuna anga anabwereka mnzawo ndalama zogulira minibasi, ndipo analemberana papepala. Munthuyo wakhala akungoti mawa, mawa. Nditapita kwa loya, wandiuza kuti ngakhale titakasuma sitiphula kanthu chifukwa zaka 6 zinadutsa, ati lamulo lake linachokera ku England. Ine ndinakula ndikumva kuti mlandu suola. Kodi malamulo a Angerezi analowa bwanji m'makhoti mwathu, ndipo bwanji osawataya n'kubwerera ku zathu?"

Pepani Mayi ndi zovutazi. Ndiyambe ndi zimene zikukhudza ndalama zanuzo, kenako tilowe mu mbiri.

Loya wanu sananame. Tili ndi lamulo lotchedwa Limitation Act, lomwe limati mlandu wa ngongole kapena wa pangano ukafike kukhoti zisanathe zaka 6 kuchokera tsiku limene munthu anayenera kulipira. Angerezi anaika malire amenewa mu 1623, ndipo lathuli linatsatira lamulo lawo la 1939. Koma musataye pepala lija. Zaka 6 siziyambira tsiku limene anabwerekana, zimayambira tsiku limene ngongoleyo inayenera kubwezedwa. Komanso ngati wangongoleyo anabwezako ndalama pang'ono pakatipa, kapena analemba n'kusayina kuvomera kuti ngongoleyo ilipo, zakazo zimayambanso kuwerengedwa kuchokera tsiku limenelo. Fufuzani m'chikwama cha malemuwo, m'kope lililonse limene ankalembamo za bizinesi, m'foni mwawo. Chilichonse chimene mungapeze mupite nacho kwa loyayo, kapena ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza osauka pa milandu, ngati ndalama za loya zikuvuta. Mufunsenso za zikalata zokulolani kuyendetsa chuma cha masiye, chifukwa khoti lidzafuna kudziwa kuti mukusuma ngati ndani.

Tsopano funso lalikulu lija. Britain italengeza mu 1891 kuti dera lino lili pansi pa chitetezo chake, Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda kuno, ndi anthu ake ochepa ankaweruza milandu mmene aonera. Mzungu mmodzi yemweyo ankatolera msonkho wa nyumba, ankalamula apolisi, kenako n'kukhala pampando kuweruza munthu amene walephera kupereka msonkhowo. Pomwepo n'kuti kuno ku Blantyre kuli kale amalonda a African Lakes, amishoni a ku Scotland amene anafika mu 1876, ndi eni minda ya khofi. Anthu amenewa ankalemberana mapangano, kukongozana ndi kukanganirana malo, ndipo ankafuna khoti loyenda monga la kwawo. Ndiye pa 11 August 1902 ku London kunatuluka lamulo lotchedwa British Central Africa Order in Council. Lamuloli linakhazikitsa High Court, ndipo ndime 15 inanena kuti khotilo lizigwiritsa ntchito malamulo amene anali kugwira ntchito ku England pa tsiku limenelo: malamulo ochokera m'zigamulo zakale za majaji awo, mfundo zawo zofewetsera lamulo likauma mopweteka munthu, ndi malamulo a nyumba yawo ya malamulo okhudza anthu onse. Kasumidwe, kaperekedwe ka chisamani ndi kamvedwe ka mboni nazonso zinayenera kutsata za kumeneko. Munthu akafuna kuchita apilo, nkhani yake inkapita kukhoti la kum'mawa kwa Africa, m'nthawi ya chitaganya inkapita ku Salisbury (Harare lero), ndipo mapeto ake anali kukhoti la Privy Council ku London.

Kwa olemba lamulolo, kumeneku kunali kukonza zinthu. Ndipo kunena chilungamo, poyerekeza ndi bwana woweruza za m'mutu mwake, kunalidi kukonza. Panabwera lamulo lolembedwa, mlandu unayamba kukhala ndi kaundula, ndipo chigamulo chinkatha kuunikidwa ndi wina wapamwamba.

Sanaiwaliretu za kwathu. Ndime 20 inati pamlandu wa anthu akuda khoti lizitsogoleredwa ndi mwambo wawo, malinga ngati mwambowo sukusemphana ndi chilungamo ndi makhalidwe abwino, ndiponso liziweruza moona chenicheni cha nkhani, osakakamira tinthu ting'onoting'ono ta ndondomeko. Mawu abwino. Koma amene ankayeza ngati mwambo wa Amang'anja kapena Ayao ukusemphana ndi chilungamo anali mzungu yemweyo, wosamva chilankhulo, wodalira womasulira. Choncho lamulo la ku England linkalowa m'khoti osafunsidwa kanthu, pamene mwambo wathu unkayenera kuperekeredwa umboni ngati mlendo.

Pali mlandu wina wa mu 1903 umene ndimafuna aliyense wa kuno ataudziwa. Kampani ya Blantyre and East Africa inali ndi malo aakulu kumapiri a Shire kuno, ndipo inagwirizana ndi mafumu a midzi ya pamalopo kuti anthu awo azigwira ntchito kukampaniyo ngati lendi ya malo amene makolo awo anawapeza kale. Nkhaniyo itafika kwa jaji Joseph Nunan, iye anakana mapanganowo, nanena kuti anali osalungama ndipo mafumuwo analibe mphamvu yogulitsa ufulu wa anthu awo. Anagwiritsa ntchito mfundo za ku England zomwezo poteteza anthu akuda kwa azungu anzake. Koma thangata sanathe. Anapitirira, nakhala chimodzi mwa zinthu zimene zinamuwawa John Chilembwe mpaka kuukira kwa 1915. Apa m'pamene ndimaona kuti lamulo lobweralo linali ndi mankhwala mkati mwake, koma boma limene linalibweretsa silinkafuna kuti mankhwalawo afike kwa aliyense.

Malamulo a milandu yaupandu anasonkhanitsidwa m'buku limodzi mu 1929, Penal Code imene tikugwiritsabe ntchito lero ngakhale yasinthidwa kangapo. Chitsanzo chake chinadzera ku ofesi yoyang'anira maiko a atsamunda ku London, ndipo gwero lake ndi buku la ku Queensland ku Australia la 1899. M'menemo ndi mmene munalowera vakabu, wochokera ku lamulo la ku England la 1824 lothamangitsa anthu oyendayenda. Aliyense amene anakulira ku Ndirande kapena ku Bangwe akudziwa mmene lamulo limeneli linkagwirira ntchito: galimoto ya apolisi usiku, mayi wochokera kokagulitsa, mnyamata wochokera kuganyu, onse m'chitolokosi. Zinatengera wogulitsa majumbo wina, amene anamangidwa m'bandakucha akupita kukagulitsa ku Limbe, kuti High Court ya ku Blantyre mu January 2017 igamule kuti ndime 184(1)(c) ikusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko.

Mu 1933 atsamunda anavomereza makhoti a mafumu kuti aziweruza timilandu ta maukwati, chigololo, ziweto zodya mmera ndi zotero. Dziko linakhala ndi njira ziwiri, ina ya mawigi ndi Chingerezi, ina ya pansi pa mtengo.

Ndikudziwa chimene mukulakalaka mukamati tibwerere ku zathu, chifukwa bwalo la amfumu lili ndi ubwino umene khoti lalikulu la ku Chichiri silingaufikire. Kubwalo munthu amafotokoza nkhani yake kuyambira pamene inayambira, ngakhale ikhale ya nthawi ya agogo ake, popanda womudula kuti zimenezo sizikukhudza mlandu. Ankhoswe amakhala pomwepo. Nduna zimafunsa, anthu amang'ung'udza wina akanama, ndipo pomaliza cholinga n'chakuti awiriwo mawa adzathe kukumana pamaliro n'kupatsana moni. Wangongole sangabisale kuseri kwa kalendala, chifukwa mudzi wonse ukukumbukira. Pamenepo mwambi wanu uja umagwiradi ntchito. Kukhoti n'zina. Mayi amaimirira m'bokosi, loya amafunsa m'Chingerezi, womasulira amatembenuza, mayiyo akayamba kulongosola amauzidwa kuti angoyankha inde kapena ayi. Jaji ndi maloya onse awiri amamva Chichewa bwinobwino, koma zolembedwa zimakhala za m'Chingerezi, ndipo chimene chalembedwa ndi mawu a womasulira, osati a mayiyo. Zimenezi zimandipweteka nthawi zonse ndikaziona.

Komabe sindingakuvomerezeni kuti titaye zonse, ndipo chifukwa changa chili mumzinda uno womwe. Kuyambira mu 1968 mpaka 1970 anthu ankaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. Mantha anali ponseponse, mphekesera zinkaloza boma. Khoti litamasula anthu ena oganiziridwa chifukwa umboni unali wosakwanira, Dr. Kamuzu Banda anakwiya, nanena kuti njira za Angerezi zikupulumutsa zigawenga. Mu 1969 nyumba ya malamulo inapatsa makhoti otchedwa a makolo mphamvu yoweruza milandu ya kupha ndi kupereka chilango cha imfa, ndipo pambuyo pake anawonjezera milandu youkira boma. Majaji achizungu a High Court anatula pansi udindo. M'makhoti atsopanowo loya sankaloledwa kuimira munthu, malamulo a umboni sankatsatidwa, ndipo oweruza ake, ambiri mwa iwo mafumu, ankaikidwa ndi kuchotsedwa ndi pulezidenti. Albert Muwalo, amene anali mlembi wamkulu wa chipani cha MCP, anaweruzidwa kumeneko n'kunyongedwa mu 1977. Mu 1983 khoti lotere la chigawo cha kummwera, kuno ku Blantyre, linagamula kuti Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera aphedwe. Orton Chirwa ameneyu ndiye anali Mmalawi woyamba kukhala loya wophunzira ku London, ndiye anatsogolera kukonza makhoti a m'midzi mu 1962, ndipo anafera kundende ya Zomba mu 1992.

Amene anakonza zimenezi ankati akubwezeretsa chikhalidwe chathu. Koma palibe gogo wa ku Mpemba kapena ku Lunzu amene anaonapo bwalo lenileni la amfumu lotumiza munthu kukanyongedwa ku Zomba chifukwa cha ndale. Chimene anachotsa ndi zotchinga zija zimene zimateteza munthu wamba kwa wamphamvu: kuti wosuma ndiye abweretse umboni, kuti mphekesera si umboni, kuti woimbidwa mlandu akhale ndi womuyankhulira, kuti woweruza asaope kuchotsedwa ntchito. Zinthu zimenezi zinabwera ndi atsamunda, inde, koma titazitaya tinaona tokha amene analira. N'chifukwa chake makhotiwo anaimitsidwa mu 1993, ndipo malamulo oyendetsera dziko a 1994 analemba zotchingazo mu ndime 42 ngati ufulu wa Mmalawi aliyense.

Ngakhale malire a zaka 6 amene akukuvutitsaniwa ali ndi chifukwa chake. Tauni si mudzi. Mboni zimasamuka, ena ali ku Johannesburg, ena anamwalira, malisiti anafufutika. Popanda malire, munthu akhoza kubwera kwa inu ndi pepala la 1995 n'kunena kuti malemu amuna anu sanamubwezere, inu mulibe poyankhira. Lamulo lomweli likanakutetezani tsiku limenelo. Chimene ndimadana nacho n'chakuti palibe amene anakuuzani. Lamulo loti likhoza kumeza ndalama za banja lonse lili m'buku la Chingerezi limene anthu ambiri sanalionepo, pamene chimene anthu amachidziwa ndi mwambi wonena zosiyana nalo.

Vuto lathu lenileni lakhala ulesi wosafuna kulemba zathu. Titalandira ufulu mu 1964 tinasunga malamulo onse amene tinawapeza, ndipo ndime 200 ya malamulo a 1994 inawasunganso. Pa milandu ya ndalama ndi katundu, High Court inkatsata buku la ndondomeko la ku England limene maloya amalitcha White Book. Eni akewo anaona kuti njira zake n'zochedwetsa ndiponso zodula, ndipo analisiya mu April 1999 potsatira kafukufuku wa jaji wawo Lord Woolf. Ife tinapitiriza nalo, maloya athu akunyamula mabuku olemera amene kwawo anali atapuma kale, mpaka mu October 2017 pamene malamulo athuathu a kayendetsedwe ka milandu yotere mu High Court anayamba kugwira ntchito. Malamulo a 2017 amapatsa jaji udindo wofulumizitsa mlandu m'malo mosiyira maloya, ndipo milandu yambiri imayamba yadzera kokambirana kuti mwina anthu n'kugwirizana osafika pozengana. Kukambiranako n'kumene ankhoswe ndi mafumu akhala akuchita kuyambira kale. Zikuonetsa kuti tikafuna timatha kusankha chabwino uku ndi uku n'kulemba tokha.

Zotsala n'zimene zikukhudza anthu ngati inu. Mu 2011 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo lokhazikitsa makhoti a m'madera, oti aziweruza milandu ing'onoing'ono ndi ya mwambo pafupi ndi anthu, m'zilankhulo zawo, koma apilo n'kumapita kumakhoti aakulu. Anthu ena anachita nalo mantha pokumbukira za 1969, ndipo mantha amenewo ndimawamvetsa. Koma lamulolo silipatsa makhotiwo milandu ya kupha kapena youkira boma, ndipo makhoti amenewa sanatsegulidwe. Ine ndikufuna atatsegulidwa, oweruza ake ataphunzitsidwa ndi kuikidwa ndi nthambi ya zamakhoti osati andale. Ndikufunanso fomu ya chisamani itakhala m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, ndipo pakhomo la khoti lililonse la majisitireti patakhomedwa chikwangwani chonena momveka kuti ngongole ili ndi zaka 6, ndipo mlandu wa kuvulazidwa pangozi uli ndi zaka 3. Zimenezi sizikusowa chilolezo cha ku London, zikungofuna unduna wa zachilungamo, akuluakulu a makhoti ndi aphungu athu.