Funsani Abusa: Kodi kupirira n'kukhala chete?

Abusa, ndine mayi wamasiye wa zaka 46, ndipo ndimakhala m'mudzi wina kufupi ndi boma la Katete. Amuna anga anamwalira mu Novembala 2023 atadwala nthawi yaitali. Pa tsiku lometa, abale a malemu anatenga ng'ombe ziwiri zolimira, ngolo, njinga ndi malata amene tinagula kuti tifolere nyumba, n'kundisiya ndi ana anayi. Dzinja lomwelo mvula inadula chimanga chisanamasule, ndipo ndinakolola matumba atatu okha. Mneneri wina amene ndinapitako anandiuza kuti pali tchimo lobisika m'moyo wanga, ndipo ndipereke kwa iye K500 ngati chopereka chimene amachitcha "mbewu" kuti temberero lichoke. Anzanga a Chigwirizano amangoti, "Pirirani mayi, Mulungu akudziwa." Ine ndikagwada mawu satuluka, mumtima muli mkwiyo wokhawokha. Kodi ndachimwa pokwiyira Mulungu? Nanga ndikakadandaula za katunduyo, ndiye kuti ndalephera kupirira?

Mayi wamasiye, Katete

Mayi, pepani kwambiri chifukwa cha zonse zakugweranizi. Ndiyambe ndi mbuzi kapena nkhuku zimene mwina mukuganiza zogulitsa kuti mupeze K500 ija: musagulitse. Pa Machitidwe 8, Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro anam'dzudzula koopsa, ndipo pa Marko 12:40 Ambuye Yesu anachenjeza za anthu amene amalusira nyumba za akazi amasiye kwinaku akupemphera mapemphero aatali. Zimandiwawa kuti m'chigawo chathu chino, anthu amene alibe ngakhale ufa wa mawa ndiwo akuuzidwa kuti agule chifundo chimene chinaperekedwa kwaulere.

Nkhani ya tchimo lobisikayo si yatsopano. Anzake a Yobu atatu aja anakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri osalankhula kanthu, ndipo pamenepo ndi pamene anam'thandiza koposa. Atangotsegula pakamwa anayamba kum'fufuza mlandu umene panalibe, ndipo kumapeto kwa bukulo, pa mutu 42, Mulungu anakwiyira iwowo chifukwa sananene zoona za Iye. Pa Yohane 9 ophunzira anaona munthu wobadwa wosaona, n'kufunsa ngati anachimwa ndi iyeyo kapena makolo ake, koma Yesu anakana zonse ziwiri. Ndikawerenga ndimeyi ndimakumbukira Magwero, kufupi ndi Chipata, kumene mishoni ya Dutch Reformed inayambira mu 1899 ndipo lero kuli sukulu ya ana osaona ndi ya ana osamva. Akhristu amene anayambitsa ntchito imeneyo akanataya nthawi kufufuza amene anachimwa, ana amenewo sakanaphunzira kuwerenga ndi zala.

Chilala chimene chinawotcha munda wanu chinawotchanso minda ya akulu a mpingo, ya abusa ndi ya aneneri omwe, mpaka pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lonse lili pa tsoka. Dzuwa limenelo silinkasankha mizere ya ochimwa. Sindikunena kuti mulibe tchimo, pakuti tonsefe timalapa tsiku ndi tsiku, koma tchimo limene Mzimu Woyera amatitsutsa nalo limakhala ndi dzina, timalidziwa ndipo tingathe kulisiya. Tchimo lopanda dzina, limene munthu wina yekha akuliona ndipo mankhwala ake ndi ndalama, musalisenze.

Tsopano za mkwiyo wanu. Naomi atabwerera ku Betelehemu, mwamuna ndi ana ake aamuna awiri atamwalira ku Moabu, anauza amayi a m'mudzimo kuti asamutchulenso Naomi koma Mara, chifukwa Wamphamvuyonse anam'chitira zowawa. Ananena zimenezi poyera, ndipo Malembo sam'dzudzula. Salimo 88 ndi pemphero la munthu wodandaula kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo limathera mumdima popanda mawu achitonthozo, komabe Mulungu analola kuti likhale m'Buku Lopatulika kuti anthu onga inu apeze mawu pamene awo atha. Choopsa si kuuza Mulungu kuti mtima wanu ukuwawa, choopsa n'kumufulatira n'kusiya kulankhula naye. Mwana amene akulirira pachifuwa cha amayi ake, ngakhale akuwamenya ndi timanja, adakali m'manja mwawo. Choncho usiku ana akagona, tsegulani Salimo 13 kapena 88, muwerenge mokweza pang'onopang'ono, ndipo misozi ikabwera musaiope. Limenelo ndi pemphero lokwanira.

Funso lanu lachiwiri ndi limene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa mawu akuti "pirirani" tawagwiritsa ntchito molakwika m'mipingo yathu kwa zaka zambiri, makamaka polankhula ndi amayi. Pali zowawa zimene munthu sangathe kuzisintha, monga imfa ya amuna anu ndi mvula imene inakana kugwa. Pa zimenezo kupirira ndiko kugwiritsitsa Mulungu osataya chikhulupiriro, monga Paulo amene anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke, koma anayankhidwa kuti chisomo chim'kwanira. Koma kulanda ng'ombe ndi malata a ana amasiye si mtanda umene Mulungu wakusenzetsani, ndi tchimo la anthu, ndipo mpingo ukakuuzani kuti mungokhala chete ndiye kuti ukuthandiza wolakwayo kukhazikika m'tchimo lake. Pamene Yesu ankaphunzitsa za kupemphera kosafooka pa Luka 18, chitsanzo chimene anasankha chinali mkazi wamasiye amene ankapita kwa woweruza mobwerezabwereza kufuna chilungamo, mpaka woweruzayo anatopa naye. Paulo yemwe uja, wopirira zikwapu ndi ndende, atamangidwa kuti akwapulidwe ku Yerusalemu anafunsa kapitao wa asilikali ngati lamulo likulola kukwapula nzika ya Roma isanazengedwe mlandu.

Dziwaninso kuti dziko lathu la Zambia lili ndi lamulo la chuma cha masiye, Intestate Succession Act, la mu 1989. Munthu akamwalira osasiya wilo, magawo 50 pa 100 a chumacho ndi a ana, 20 ndi a mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 ndi a makolo a malemu, ndipo 10 ndi a ena amene malemuyo ankawasamalira. Katundu wa m'nyumba ndi wa inu ndi ana. Munda wa makolo umene uli m'manja mwa mafumu sulowa m'lamuloli, umenewo mukambirane ndi anyakwawa, koma ng'ombe, ngolo ndi malata zimalowa. Njira yake ikhale yachikhristu: yambani ndi akulu a mpingo awiri kapena atatu pamodzi ndi ankhoswe, mukakhale pansi ndi alamu anu. Akakana, pitani kwa amfumu, ndipo zikakanikanso pitani ku polisi ku ofesi ya Victim Support Unit kapena kukhoti. Musapite nokha, mutu umodzi susenza denga.

Mwina mufunsa kuti chiyero chili pati m'zonsezi. Chili m'mene mudzayendere njira imeneyi. Mudzayesedwa kuti muonjezere ng'ombe yachitatu imene kunalibe, kapena kuti mupite kwa sing'anga kuti amene anakulandani aone zakuda, kapena kuti muziuza ana anu madzulo alionse kuti abale a bambo awo ndi afiti. Padzabweranso amuna ena odziwa kuti m'nkhokwe mulibe kanthu, atanyamula thumba la ufa limene lili ndi mtengo wake wosatchulidwa. Kukana zimenezi mimba ili kulira ndiko kukula mu uzimu kumene ine ndimakulemekeza koposa kusala kudya kwa masiku ambiri kuphiri. Kukhululukira alamu anu kudzatenga nthawi, ndipo sikutanthauza kuwasiyira malata. Mungathe kuwapempherera m'mawa, masana n'kukaonana nawo kubwalo.

Kwa amayi a Chigwirizano amene awerenge tsambali, ndikupemphani mwaulemu kuti muwerengenso Yakobo 1:27, pamene kuchezera ana amasiye ndi akazi amasiye m'masautso awo kwaikidwa pamodzi ndi kudzisunga wosadetsedwa ndi dziko. Mayiyu alibe ng'ombe zolimira ndipo mvula ili pafupi. Sankhani tsiku limodzi mupite ndi makasu kumunda kwake, wina atenge mbale ya mbewu ya nsawawa, wina ya chimanga, ndipo awiri mwa inu amuperekeze pa tsiku lokakumana ndi abale a malemu. Inu mayi, kalata yanuyi mukaisonyeze kwa abusa a mpingo wanu sabata ino, kuti iwo ndi akulu a mpingo aike tsiku la msonkhanowo nthawi yodzala isanakwane.